Ndinapala Nyanja ndi Mpeni wa Patebulo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene bambo wanu anapumira pa ntchito akadali wolemba zikwangwani, pamene anzake ena anakwera mpaka kukakhala m'maofesi a makapeti ku Blantyre. Mayi anu amakuyankhani kuti ndi liuma. Sakunama, koma sakunena zonse. Poti tsopano nthawi ndili nayo ndipo dzanja silinayambe kunjenjemera kwambiri, ndati ndilembe ndekha. Za ubwana wanga ku Dowa ndazisiya, chifukwa kuweta mbuzi n'chimodzimodzi kulikonse.

1968

Ndinalembedwa ntchito ku dipatimenti ya boma yokonza misewu ndi nyumba, ndipo malo anga oyamba anali Nkhotakota. Ndinapita pa lole ya simenti nditakhala pamwamba pa matumba, moti potsika ndinali mbuu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwana wa kumapiri, ndinali ndisanaonepo madzi ochuluka chotero, ndipo kutentha kwake kunandigonetsa panja sabata yonse yoyamba.

Foromani wathu anali a Gondwe, bambo wamtali wa kumpoto amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Tsiku loyamba sanafunse za satifiketi. Anandipatsa thabwa, chitini cha penti wakuda ndi burashi, nati ndilembe NKHOTAKOTA. Nditamaliza anayeza chilembo chilichonse ndi lula, kenaka anati, "Yotamu, zilembo zako zaima ngati asilikali. Koma K wachiwiriyu waledzera. Bwereza." Ndinabwereza kanayi. Ndinawada tsiku limenelo, koma pa mabwana onse amene ndagwira nawo ntchito palibe amene ndinamukonda ngati iwo.

Ntchito yanga inali zikwangwani za mumsewu, manambala a malole, maina a pa zitseko za maofesi ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Kukamveka kuti mtsogoleri wa dziko akubwera m'boma lathu, zina zonse zinkaima, tizilemba nsalu zomulonjera ndi kujambula atambala a chipani pa zipata. Masiku amenewo kulakwitsa chilembo chimodzi pa nsalu yotero sinali nkhani yoseka. A Gondwe ankawerenga nsalu iliyonse katatu, kachitatuko kuyambira kumapeto. Atambala ndinajambula ambiri zedi, moti ndikanatha kujambula wina nditatsinzina. Vuto linali zipangizo. Penti ankabwera pamene wafunira, ndipo maburashi akatha ndinkapanga anga ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi, womanga ndi waya ku kamtengo. Mbuzi za pa boma zinandidziwa, zikangondiona zinkathawa.

Mayi anu, Esinati, ndinawakwatira patatha zaka ziwiri, ndipo tinapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa yadi ya ntchito.

1972

Panali injiniya wina wachizungu amene ankandiona ndikujambula anzanga ndi khala pa mapepala a simenti nthawi ya nkhomaliro. Pobwerera kwawo anandiitana nandipatsa kabokosi ka matabwa. Munali machubu a penti wamafuta, ena atafinyidwa kale theka, maburashi atatu enieni ndi botolo la mafuta osungunulira pentiyo. Anandifotokozera zambiri m'Chingerezi chothamanga, ine ndikungoti inde bwana, koma chimene ndinamva n'chakuti ndayamba kukhala munthu. Bokosilo ndinalinyamula pachifuwa mpaka kunyumba.

Penti wa zikwangwani ukapaka m'mawa, madzulo wauma. Penti wamafuta alibe changu chotero, amatha masabata akadali wofewa, ndipo phunziro limeneli ndinalilandira kudzera pa nkhope ya mayi anu. Nditayeserera pa nthochi ndi ketulo, ndinawakhazika pa mpando Loweruka lina n'kuwajambula pa kachidutswa ka hadibodi. Chithunzicho chinatuluka bwino ndithu. Ndinachiimika panja kuti chiume, ndipo tsiku lomwelo kunyanja kunatuluka nkhungu, tizilombo tija timauluka ngati utsi. M'mawa mwake nkhope yonse inali madonthomadontho, nkhungu zitakakamira mpaka m'maso. Mayi anu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Abambo, ngati ndimaoneka chonchi, munandikwatiranji?"

Hadibodi itandithera ndinayamba kufunafuna nsalu yolimba, ndipo anzanga ananditumiza kwa a Sudi. A Sudi anali mkulu wachisilamu wokhala pafupi ndi doko, kalipentala wa zombo amene anali atasiya ntchito chifukwa cha ukalamba. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, wokonda kuseka, ndipo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Nditafotokoza chimene ndadzera, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chidutswa cha thanga lakale la chombo. Sanangondipatsa. Anakhoma okha felemu ya matabwa n'kukokapo nsaluyo mpaka inkalira ukaigogoda. "Tengani, a Fundi," anatero. Fundi kwawoko ndi mmisiri. Ine amene ndinkangodziwa atambala, dzinalo linandikomera, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ndinkapezeka pakhonde pawo, tikumwa tiyi ndi zitumbuwa za mpunga. Ine mwana wa mkulu wa mpingo, iwo nkhalamba ya kumzikiti, tinagwirizana ngati kuti tinakulira limodzi.

Tsiku lina ndinadandaula kuti nthochi zanditopetsa, ndikufuna kuyesa chithunzi chachikulu cha anthu ambiri, koma sindikudziwa chojambula.

"Jambulani Idi ya ubwana wanga," anatero a Sudi. Anaika kapu pansi, mawu awo n'kusintha. "Masiku ano timaswali pabwalo la mzikiti. Kalelo, mwezi wa Ramadani ukatha, anthu sankakwana, ndiye tinkatsikira kumchenga. Dzuwa likungotuluka, mikeka yoyalidwa, amuna onse mikanjo yoyera ndi mizuli kumutu, mizere mizere, phewa kukhudza phewa. Shehe patsogolo yekha. Zombo zamatanga zitaima padoko, nyanja ili pomwepo, ili phee. Ine ndinali kamwana kosafika m'chiuno mwa bambo anga. Zimenezo ndimaziona ndikatsinzina, koma ndikufuna ndizione nditatsegula maso, asanatsekeretu."

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Iwo anakweza chala. "Koma chinthu chimodzi, a Fundi. Nkhope ayi. Nkhope ndi ntchito ya Mulungu. Inu jambulani misana."

Ndinavomera msanga, ndipo sindinawauze kuti zandipepukira, poti nkhope ndi zimene zinkandivuta kwambiri.

1974

Chithunzicho chinanditengera nthawi yoposa chaka. Ndinkachigwira Loweruka m'mawa ndi Lamulungu tikachoka ku tchalitchi, m'chipinda chathu chochezera, zenera nditatchinga ndi neti chifukwa cha nkhungu. Mafuta osungunulira atatha ndinkatsuka maburashi ndi palafini, nyumba yonse n'kumanunkha, mayi anu akudandaula kuti ngakhale chambo chikumveka palafini. Ndinkapita kwa a Sudi ndi mafunso ambiri. Mkanjo wa kale unkafika pati? Mizuli inali ya mtundu wanji? Manja amaikidwa bwanji munthu akaimirira pa swala? Mlongoti wa chombo umapendekera kuti? Ankayankha zonse mosangalala, nthawi zina kuimirira n'kundionetsa. Ndinafunsa chilichonse kupatula chinthu chimodzi, ndipo akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula.

Anthuwo ndinawaika m'mizere isanu, onse atandipatsa msana, shehe patsogolo. Tsono patsogolo pa shehe ndinafunika kuikapo kanthu. Mutu wanga unati, anthu asonkhana kumchenga m'mawa, ayang'ana kuti ngati si kunyanja kumene kukutuluka dzuwa? Kwathu ku tchalitchi timayang'ana kumene kuli gome la mlaliki, likhale kum'mawa kapena kumadzulo. Ndinajambula nyanja. Ana anga, nyanja imeneyo ndinaijambula! Miyezi itatu ndinkadzuka mbandakucha kukaiyang'ana ndisanapite ku ntchito. Ndinaphunzira kuti madzi a m'mawa si a buluu, muli chikasu, muli kufiira, muli kubiriwira pang'ono. Ndinapaka penti wochindikala, mtundu pamwamba pa mtundu, mpaka kuwala kwa dzuwa kunkaoneka ngati kukuyenda pamadzi kubwera kwa anthuwo. Mpaka lero sindinajambulenso chinthu chokongola chotero, ndipo ndikunena izi popanda manyazi.

A Sudi sanachione chikupangidwa. Ndinkachibisa dala kuti ndidzawadzidzimutse, ndiponso nthawi yokolola mpunga anapita kwa mwana wawo wamkazi ku Chia n'kukhalako miyezi iwiri.

M'mwezi wa Ogasiti a Gondwe anandiitana mu ofesi ali ndi kalata m'manja. Ofesi ina ya boma ku Blantyre, yopanga zithunzi zophunzitsira alimi ndi za umoyo, inkafuna wojambula. Giredi inali yapamwamba, nyumba ya magetsi ndi madzi a m'mpopi. Ofuna ntchitoyo anayenera kutumiza chithunzi chimodzi choonetsa luso lawo, ndipo chithunzicho sichinali chobwezedwa. A Gondwe anabwera okha kunyumba kudzaona chimene ndinali nacho. Anaima patsogolo pake, anachotsa pensulo kukhutu, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, nati, "Yotamu, nyanja iyi ikupatsa ntchito. Lole ya ku Blantyre ikunyamuka Lachisanu. Ukulunge bwino."

Mayi anu anavina m'nyumba. Anayamba kale kuuza anansi kuti akukasita ndi ayironi ya magetsi. Ine ndinati chisanapite, mwini nkhani achione kaye, ndiye Lachiwiri nditaweruka ndinakatenga a Sudi, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Chia.

Ndinachiimika pakhomo pamene panali kuwala, n'kuchotsa nsalu. A Sudi anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza penti. Anayamba ndi zombo. "Masha Allah! Chombo chenicheni ichi, ndikhoza kukwera." Anaona mikanjo, mizuli ndi mikeka, akugwedeza mutu. Kenaka anabwerera m'mbuyo masitepe atatu kuti aone chonse pamodzi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti akulira ndi chimwemwe, mtima wanga n'kufufuma. Ayi ndithu, ankaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe, misozi ili mbwembwembwe.

"A Fundi! Mwatichita chiyani? Mwatipembedzetsa nyanja!"

"Bwanji, bambo?"

"Ife poswali timayang'ana ku chibula, kumene kuli Maka. Kuno chibula chili uko," analoza kumpoto. "Ukaima bwino, nyanja imakhala kudzanja lamanja, dzuwa limakuwomba tsaya ili. Inu mwatenga shehe ndi mpingo wake wonse n'kuwatembenuzira kum'mawa, akugwadira dzuwa ndi madzi. Agogo athu akanadzuka akanakuthamangitsani mpaka ku Dowa!"

Ndinachita manyazi oopsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukhala pakati pa anthu amenewa, ndikudutsa pa mzikiti tsiku ndi tsiku, osadziwa chinthu chimene mwana aliyense wa kumeneko amachidziwa. Ndinawauza za ntchito ya ku Blantyre ndi za lole ya Lachisanu. Kuseka kunatha. Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, nati mofatsa, "Tumizani, mwana wanga. Ntchito ndi ntchito, ndipo akumeneko sadziwa. Chithunzi n'chokongola, ine sindikukana. Koma akakufunsani, musanene kuti ndi anthu a kuno. Musanene kuti bambo anga alimo, chifukwa salimo."

Ndinawaperekeza mpaka kwawo. Panjira ankakamba za mpunga wa ku Chia ngati palibe chachitika, koma pofika pa kamlatho ka ngalande anagwira mkono wanga chifukwa sankaliona bwino thabwa. Chaka chapitacho ankawoloka okha pamenepo.

Ndikufuna mumvetse mmene zinthu zinalili. Kutembenuza anthu onsewo sikukanatheka, chifukwa penti woyera anali atatsala pang'ono kutha ndi mikanjo ija, ndipo chubu china kunalibe kokachipeza. Njira inali imodzi, kuwasiya anthuwo mmene aliri n'kusintha dziko lowazungulira. Nyanja ichoke patsogolo pawo, pabwere mtunda wa kumpoto, madzi atsale kachigawo kakang'ono kudzanja lamanja. Zimenezo zinafuna masabata, kuuma kwake masabata enanso, ndipo lole inali ya Lachisanu. Ndikatumiza, chithunzi sichibwerera, ndipo kupanga china kukanafuna penti amene ndinalibe ndi chaka chimene maso a a Sudi analibe.

Lachitatu m'mawa ndinauza a Gondwe. Anadzuka pa mpando.

"Yayi! Mutu wako ukugwira, Yotamu? Ku Blantyre ndani akatenge kampasi kuyeza kumene anthu ako akuyang'ana? Iwo akufuna aone ngati umatha kujambula, basi."

"Ndikudziwa, bwana. Koma chikwangwani cholozera ku Salima ndikachikhoma choloza ku Dwangwa, zilembo zikongole bwanji, mungachilandire?"

"Usandiphunzitse ntchito. Chikwangwani chimasocheretsa anthu. Ichi chisocheretsa ndani?"

Kunena zoona iwo sankalakwa. Anandikonda, ankafuna nditukuke. Anandiuza kuti mwayi wotere subwera kawiri, ndipo pamenepanso sananame, chifukwa sunabwerenso.

Amene ndinkawaopa kwambiri anali mayi anu. Ndinawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba, ndipo ndinafotokoza ndikuyang'ana pansi. Lichero linaima. Anandiuza mawu angapo amene sindilemba pano. Anandikumbutsa za denga lodontha, za udzudzu, za mwana amene anali m'njira, ndiwe Tereza. Kenaka anapitiriza kupeta osandiyang'ana, nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti nkhani yatha.

"Mkulu uja anati chiyani kwenikweni?" anafunsa.

"Anati nditumize. Koma ndisanene kuti bambo ake alimo."

"Hmm." Anachotsa kamwala mu mpunga n'kukataya. "Wina atajambula malemu bambo anga akugwadira mtengo, n'kukapachika mu ofesi anthu aziona, ine ndingamupatse moni? Pitani kapaleni nyanja yanuyo, ndisanasinthe maganizo. Koma ayironi ya makala muzikoleza ndinu mpaka kufa."

Lonjezo limenelo ndalisunga, ngakhale magetsi tinadzakhala nawo pambuyo pake.

Lachinayi masana ndinatenga mpeni wa patebulo, umodzi mwa iwiri imene tinali nayo, n'kuyamba kupala. Penti anali wochindikala ndipo sakanakwiririka popanda kumuchotsa. Kupala koyamba kunandiwawa ngati ndikudzicheka ndekha. Dzuwa langa linagwa pansi zidutswazidutswa, chikasu, kufiira, nkhuku n'kumabwera kudzajompha. Ndinalira, sindibisa. Koma pofika pakati ndinayamba kuimba nyimbo ya ku tchalitchi, ndipo pomaliza mtima unali utapepuka kuposa masiku atatu onsewo. Pa lole ya Lachisanu ndinakweza chithunzi cha nthochi ndi ketulo. Patapita miyezi iwiri kalata inabwera yondithokoza chifukwa cha chidwi changa. A Gondwe anaiwerenga, nati, "Nthochi zako zafika bwino," ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

Masabata otsatirawo ndiwo amene ndimawakumbuka ndi chimwemwe chachikulu pa zaka zanga zonse za ntchito. Nditawauza a Sudi zimene ndachita, anandikalipira poyamba kuti ndine chitsiru, kenaka anandigwira mutu ndi manja awiri, kenaka anati mawa m'mawa tikumane kumchenga. Tsopano sindinabisenso kanthu. Ankaima pamalo penipeni, atayang'ana ku chibula, ine kumbuyo kwawo ndi pensulo. Ndinaona ndekha kuti dzuwa likuwomba phewa lamanja ndipo mthunzi ukugwera kumanzere, kusonyeza kuti mithunzi yonse ya m'chithunzi changa inalinso yolakwika, poti ndinaigwetsera kumbuyo. Asodzi ankatiseka. Wina anafuula kuti, "Agogo, mwalembedwa ntchito ya chikwangwani?" A Sudi anayankha osatembenuka, "Eya, ndipo ndikuloza kolondola!"

Anandiuza zimene zinali kumpotoko iwo ali mwana. Migwalangwa itatu, umodzi wopindika. Mitengo ya mango. Nyumba ya khonde lalikulu ya mwini zombo, ndi chombo china chosamaliza chili pa mitengo, nthiti zokhazokha, chimene bambo awo ankakhoma. Gombe linkapita likucheperachepera mpaka kukasowa. Nyanja yanga yaikulu ija inasanduka kachingwe ka madzi kumbali, ndipo zombo ndinazikankhira komweko. Mwezi wa Ramadani unayamba tili pakati pa ntchito. A Sudi ankabwera kunyumba masana, milomo itauma ndi kusala, n'kukhala pa mpando kumandilamula. "Mgwalangwa uwo wanenepa, a Fundi, si mlambe." Mayi anu, amene anali asanaiwale za magetsi, ankadikira mkuluyo apite kaye asanaike chakudya pamoto, kuti fungo lisamuvutitse.

Chomaliza chinali kuwala kwa pa mapewa a kumanja. Chubu cha penti woyera ndinachifinya ndi pulayala, kenaka ndinaching'amba ndi lezala n'kukokota m'kati ndi kamtengo ka machesi. Munthu aliyense analandira kadontho kake. Woyera anatha pa munthu womaliza wa mzere womaliza, ndipo ndinatuluka panja kukafuula ngati ndagoletsa chigoli.

Okutobala, 1974

Pa tsiku la Idi chithunzi chinali chitauma moti n'kunyamulika. Ine ndi mayi anu tinachitengera kwa a Sudi cha m'ma teni koloko, anthu atabwera ku swala. Sabata ziwiri zomaliza ndinali nditawaletsa kubwera, choncho anali asanachione chathunthu. Pakhonde panali podzaza, amuna m'mikanjo yoyera, amayi akutulutsa mbale za mpunga wa nyama, fungo la mafuta onunkhira lili ponseponse. Ndinadabwa kupezanso a Gondwe atakhala pa mkeka, miyendo yawo yaitali ikusowa poikidwa. Anati angodutsa.

A Sudi anakana kuti chiimikidwe pakhoma. Analamula kuti tichitulutse pabwalo, tichitsamiritse pa mpando, ndipo anatizunguliritsa uku ndi uku mpaka anthu a m'chithunzimo anayang'ana kumpoto kwenikweni. Atatero anaima kumbuyo kwa mzere womaliza wa m'chithunzimo. Mkulu wina anatsokomola, ndipo a Sudi anati, "Musaope, sindikuswali. Ndangoima pa mzere."

Anthu anaunjikana. Nkhalamba zina zinayamba kukangana za mgwalangwa wopindika, wina akuti unagwa ndi mphezi, wina akuti unadulidwa. Mayi wina wokalamba anaona nyumba ya khonde ija n'kuwomba m'manja, akuti anabadwira kuseri kwake. A Gondwe anaweramira kwa ine n'kunong'ona, "Choyamba chija chinali chokongola kuposa ichi." Ndinavomera. Kenaka anati, "Koma chija anthu sakanachikanganirana chonchi."

A Sudi anali atagwada, nkhope pafupi ndi nsalu, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa mzere uliwonse osakhudza. Anthu onsewo anali misana yokhayokha, koma iwo ankatchula maina. Uyu ndi uje wosoka matanga. Uyu ndi amalume. Pa mzere wachitatu chala chinaima. Pamenepo panali munthu amene ndinkachita naye manyazi, chifukwa burashi inanditerereka ndipo phewa lake lamanzere linatsika kuposa linzake. Ndinayesa kawiri kulikonza n'kulephera, ndipo ndinkapemphera kuti wina asalione.

"Awa," anatero a Sudi. "Phewa ili linagwa ndi matabwa. Zaka zonse ankasenzera mbali imeneyi. Munadziwa bwanji, a Fundi? Ine sindinakuuzeni."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za burashi. Mayi anu anandiponda chala mwamphamvu, ndipo ndinatseka.

A Sudi anakonza mzuli wawo, anawongola mkanjo pachifuwa monga amachitira mwana poonekera kwa akulu, nati chapansipansi, "Assalamu alaikum, baba."

Munthu wa m'chithunzi sakanayankha. Anayankha ndi anthu onse amene anali pabwalopo, ndipo ine, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Dowa, ndinayankha nawo.